Loupe ya 10x: galasi lake ndi labwino, koma kagetsi kake zimitsani

Kuno ku Ntcheu, komwe phiri la Chimwadzulu limatulutsa ruby ndi sapphire, aliyense wogula miyala ayenera kukhala ndi kagalasi kokuza zinthu aka m'thumba. Sankhani ka 10x (kokuza chinthu kakhumi) kolembedwa triplet, kutanthauza magalasi atatu omatidwa pamodzi. Totchipa tolembedwa 30x tisiyeni. Timapotoza m'mbali, n'kumaonetsa mitundu ya utawaleza pamwala poti palibe.

Kagalasi kakhale pafupi ndi diso, mwala masentimita 2.5 kutsogolo kwake, manja atagundana kuti asanjenjemere. Mwalawo mutsuke, uume. Mwala wonyowa uliwonse umanyezimira, ngakhale wa mumsewu, n'chifukwa chake wogulitsa wochenjera amayamba waunyambita asanakupatseni.

Chotikhumudwitsa ndi kagetsi ka LED komwe anaika m'mbali. Kamawala kwambiri, kuwalako n'kubwerera m'diso, ndiye quartz, garnet ndi chibenthu cha botolo zonse zimaoneka zofanana. Mabatire ake ang'onoang'ono aja sachedwanso kutha. Khalani pakhonde m'mawa, pamthunzi, muziutembenuza mwala pang'onopang'ono mpaka mbali imodzi igwire kuwala. Muziyang'ana pamene pangosweka kumene, chifukwa kunja kumakhala kotakulika ndi mchenga.

Mukatero kusiyana kumaoneka. Quartz ndi garnet zimawala ngati galasi la pawindo. Mica amawala ngati mkati mwa chigoba cha nkhono, ndipo amasendeka timapepala ndi chikhadabo. Tagolidegolide ta m'mchenga wa mumtsinje kawirikawiri timakhala iyeyu. Pyrite, mwala wina wooneka ngati golide, amawala ngati chitsulo, kuwala sikulowa mkati mwake. Mukhwekhwereze kumbuyo kwa thayilo yoyera: amasiya mzere wakuda wobiriwirako, pomwe golide amasiya wachikasu. Pa nyundo, pyrite amanyenyeka, golide amaphwatalala.

Pa miyala yofiira kagalasi kokha sikakwanira. Ruby ndi garnet zimawala mofanana ndithu, ndiye pamafunika kuyesa kulimba. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs, ruby ali pa 9, quartz pa 7, garnet pakati pa 6.5 ndi 7.5. Ruby amakanda quartz mosavuta, garnet ayi kapena movutikira. Yeserani pamwala wosasema basi, wosema mungauwononge.

Pomwe kagalasika kamabwezadi ndalama yanu ndi pa galasi lopaka mtundu logulitsidwa ngati mwala wamtengo wapatali. Mukaona timathovu tozungulira mkati, bwezani mwalawo kwa mwini wake.