Kachipangizo koyezera mafuta m'thanki: ndemanga yanga patatha zaka zitatu

Ndikapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndikulembera makamaka anzanga amene mwangofika kumene kuno ku Northern Ireland ndipo mwapeza kuti kuseri kwa nyumba yanu ya lendi kuli chithanki chachikulu chapulasitiki chomwe palibe anakufotokozerani za icho.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo timakhala kunja pang'ono kwa Dungannon, ine, bambo a kunyumba ndi ana awiri. Nyumba yathu ndi ya zipinda zogona zitatu, yakalekale, ndipo kutentha konse, kaya kwa marediyeta (zitsulo zotenthetsa zipinda) kaya kwa madzi osamba, kumachokera ku boyila yoyaka ndi mafuta. Kuno zimenezi si zachilendo: nyumba zoposa theka zimadalira mafuta, pomwe ku England ambiri ali pa gasi wa m'mapaipi. Mafuta ake ndi mtundu wa palafini, wachibale wa yemwe uja tinkathira m'koloboyi kumudzi, ndipo fungo lake ukalimva umakumbuka kwanu nthawi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno sagula wa m'botolo. Lole imabwera, n'kukoka paipi yaitali kudutsa pambali pa nyumba, n'kuthira malita 300, 500 kapena 900, ndipo ndalama yonse imafunika kamodzi.

Chomwe chinandipangitsa kugula kachipangizoka chinachitika mu Januwale 2022, chisanu chathu choyamba. Mwininyumba anali atatiuza kuti muli mafuta okwanira, ndipo pambali pa thanki panali kapaipi koonekera mkati komwe kamayenera kusonyeza mlingo, koma kanali katachita ndere moti sunkaona kanthu. Lamlungu lina m'mawa ndikuchokera ku shifiti ya usiku ndinapeza ana atadzikulunga mabulangete pa mpando, mpweya ukuoneka potuluka m'kamwa ngati kuli ku Dedza mu Juni, koma m'nyumba. Pa boyila panali patayaka kanyali kofiira. Mafuta anali atatheratu. Tsiku limenelo kunalibe lole yoti n'kubwera, choncho tinakagula zigubu ziwiri za malita 20 pamalo othirira mafuta a galimoto, ndipo ukawerengera pa lita, mtengo wake unali wokwera kwambiri kuposa wa lole. Titathira, boyila inakanabe. M'paipi munali mutalowa mpweya, ndiponso zinyalala za pansi pa thanki zinali zitatseka sefa. Tinagona masiku awiri ndi kahita kamagetsi kamodzi m'chipinda chimodzi tonse anayi, kudikira mmisiri, ndipo naye anafuna yake. Ndi mmisiriyo amene anandiuza kuti, “Mayi, gulani kowuzira mlingo, musamadalire kapaipi aka.”

Kali ndi mbali ziwiri. Ina ndi yonga kabotolo kakang'ono, imamangidwa pamwamba pa thanki, pa bowo lomwe mathanki ambiri apulasitiki amakhala nalo kale. Imeneyi imatumiza kamawu kosamveka ndi khutu kupita pansi, kamawuko kakagunda mafuta kamabwerera, ndipo potengera nthawi yomwe katenga imadziwa kuti mafuta ali patali bwanji. Inayo imalowetsedwa pa soketi m'nyumba, ndipo ili ndi kagalasi kosonyeza timizere khumi. Thanki ikadzaza timizere tonse timaoneka, ikamatsika timachoka kamodzikamodzi, ndipo kukatsala pang'ono kanyali kamayamba kuphethira. Ndinalipira ndalama yosafika mapaundi 100. Kulinso tina todula tomwe timalumikizana ndi intaneti n'kumatumiza zonse pa foni, koma ine ndinasankha kosavutaka, ndipo ndinakaika kukhitchini pafupi ndi ketulo, pomwe maso amafikapo m'mawa uliwonse.

Kumangirira kunatenga mphindi zosakwana makumi atatu. Chofunika kusamala nacho ndi chimodzi: muyenera kuyeza kutalika kwa thanki yanu ndi tepi, n'kutchera timabatani ting'onoting'ono kumbuyo kwa mbali ya m'nyumba ija molingana ndi tebulo lomwe lili pa kapepala kake. Mukalakwitsa pamenepa, kazikunamizani mpaka kale. Kapepalako kali ndi zilembo zing'onozing'ono zedi, moti bambo a kunyumba anachita kujambula ndi foni n'kukulitsa. Ngati muli pa lendi, yambani mwamuuza mwininyumba musanakhudze thanki yake. Wathu anavomera mosavuta.

Tsopano ndinene chenicheni. Kachipangizoka sikachepetsa mafuta amene boyila imadya, ngakhale dontho limodzi. Chomwe kanandipatsa ndi kudziwa, ndipo kudziwako n'kumene kwatipulumutsira ndalama. Amayi anga akayang'ana m'nkhokwe mwezi wa Okutobala ankadziwa ngati chimanga chifike Febuluwale kapena ayi, chifukwa ankadziwa kuti banja limadya ndowa zingati pa mwezi. Ine ndinali ndi nkhokwe yosaoneka mkati, ndiponso sindinkadziwa kuti timadya zingati.

Ndiye ndinagula kope laling'ono. Kamzere kakachoka, ndimalemba tsiku. Thanki yathu ndi ya malita 1,200, choncho kamzere kamodzi ndi malita pafupifupi 120. M'chisanu choyamba chathunthu nditagula kopelo ndinapeza kuti kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kamzere kamachoka pakatha masiku 13 kapena 14, kutanthauza malita 9 pa tsiku. Mu Okutobala, Malichi ndi Epulo timagwiritsa ntchito malita 5 pa tsiku. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala, pomwe boyila imangotenthetsa madzi osamba, sitifika ngakhale malita awiri. Kuphatikiza zonse, chaka chathu chimadya malita pafupifupi 1,750, ndipo oposa theka amapita m'miyezi inayi yokha ija. Manambala awa ndi a nyumba yathu. Yanu ikhoza kudya ochepa kapena ochuluka, malingana ndi mazenera, makoma, denga, ndi kuti masana mumakhala anthu kapena ayi. Koma kawerengedwe kake n'komweko.

Nditadziwa 1,750, ndinagawa ndi miyezi 12, n'kupeza malita pafupifupi 150 pa mwezi. Kuyambira pamenepo, malipiro akangolowa ndimachotsa mtengo wa malita 150 n'kuika ku akaunti ina yomwe sitikhudza, ngakhale mu Julayi pomwe marediyeta ali zii. Lita ikakhala pa mapeni 60 ndiye kuti ndi mapaundi 90, ikakhala pa mapeni 70 ndi mapaundi 105. Ife amene timatumiza ndalama kumudzi tikudziwa mmene Disembala ndi Januwale amapwetekera: feteleza wobereketsa, fizi ya ana a achimwene, Khirisimasi, zonse nthawi imodzi, ndipo ndi nthawi yomweyonso thanki imatsika ngati yabooka. Kale zimenezi zinkagundana. Tsopano ya mafuta imakhala ili kale pambali, ndipo foni yochokera kumudzi ikalira sindiyamba ndaganiza za thanki.

Phindu lachiwiri ndi nthawi. Mtengo wa mafuta awa ulibe malire oikidwa ndi boma monga amachitira ndi gasi ndi magetsi ku England. Umayendera mtengo wa mafuta padziko lonse, mphamvu ya paundi poyerekeza ndi dola, ndi kuchuluka kwa ofuna kugula sabata imeneyo. Tinaziona ndi maso mu Malichi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine itangoyamba, pomwe lita inadutsa paundi imodzi m'masiku ochepa chabe. Ife tinali titathira malita 500 pambuyo pa ngozi ya Januwale ija, ndipo kachipangizo kanali katangomangidwa kumene. Anzanga kuntchito ankaimba mafoni mwamantha kuitanitsa pa mtengo uliwonse, chifukwa sankadziwa zomwe zatsala m'mathanki mwawo. Ine ndinayang'ana timizere, n'kuona kuti tikachepetsa maola oyatsa tikhoza kufika kumapeto kwa Epulo, ndipo tinadikira mpaka mtengo unatsikako. Munthu amene thanki yake yauma sakambirana mtengo, amangolipira. Mapaundi 600 omwe boma linapereka ku nyumba iliyonse kuno kumayambiriro kwa 2023 nawonso tinadziwa pomwe tiwaike, chifukwa kope linali litatiuza kale kuti tidzafuna malita angati kuti tituluke m'chisanu.

Poyang'ana mitengo ndimadalira tsamba la pa intaneti la Consumer Council, bungwe loteteza ogula, lomwe limasonyeza mtengo wapakatikati wa malita 300, 500 ndi 900 m'madera osiyanasiyana. Ndikaona pamenepo ndimaimbira ogulitsa atatu. Mudzaona kuti pa lita, 900 ndi yotchipa kuposa 500, ndipo 300 ndiye yodula kwambiri, chifukwa lole imayenda ulendo womwewo. Kusiyana kwa mapeni 5 okha pa malita 900 ndi mapaundi 45. Funsaninso ngati mtengo womwe akukuuzani waphatikiza kale msonkho wa VAT, womwe pa mafuta a m'nyumba ndi 5 peresenti. Ndinalowanso m'gulu logula mafuta pamodzi lomwe Housing Executive, bungwe la boma loona za nyumba, imayendetsa, kulowa kwake n'kwaulere. Limandikumbutsa makalabu a alimi kwathu ogula feteleza pamodzi, ndipo limathandiza makamaka mwezi womwe ungakwanitse malita ochepa okha.

Apa pali masamu ena omwe ndinaphunzira mochedwa. Thanki sayidzaza mpaka kukamwa, amasiya mpata woti mafuta afufume kukatentha. Yathu ya 1,200 imalandira pafupifupi 1,140. Kuti malita 900 alowe, payenera kutsala timizere tiwiri kapena kuchepera apo. M'chilimwe zimenezi n'zosavuta: ndimailola itsike mpaka tiwiri, ndipo kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala ndimathira 900, nthawi yomwe malole sali otanganidwa ndipo kawirikawiri mtengo umakhala wabwinoko, ngakhale si chaka chilichonse. Koma mu Januwale sindiyerekeza kudikira tiwiri. Tikatsala tinayi ndimaitanitsa 500, chifukwa kukagwa chipale kapena misewu ikaundana lole ikhoza kutenga sabata kuti ifike kumakwalala athu ang'onoang'ono.

Nyenyezi yomwe ndachotsa ndi ya zifukwa izi. Choyamba, kachipangizoka kamayeza kutalika kwa mafuta, osati malita. Thanki yathu ndi yopapatiza pamwamba ndi pansi, yotakasuka pakati, choncho timizere ta pakati timakhalitsa pomwe tomaliza timathamanga. Ukazolowera masiku 14 pa kamzere ka pakati, umadabwa kuona kachitatu kachoka pa masiku 10. Ndiponso mafuta a pansi penipeni, kunsi kwa potulukira paipi, boyila siingawakoke, ndiye kamzere komaliza musakawerengere ngati kanu. Kapepala kake sikanena zimenezi momveka, ndipo ndikuona kuti kanayenera kunena, chifukwa munthu wogula koyamba amakhulupirira kagalasiko monga timakhulupirira mita ya magetsi yosonyeza mayunitsi.

Chachiwiri, m'mawa wina wozizira kwambiri chaka chachiwiri kanasonyeza kuti thanki yadzaza, pomwe dzulo lake panali timizere tisanu. Titakamasula tinapeza timadontho ta madzi m'kati mwa kamphuno kake koyang'ana pansi. Tinapukuta ndi nsalu youma, kanabwerera bwino. Zachitika kawiri m'zaka zitatu. N'chifukwa chake ndimasungabe ndodo yoyera yansungwi m'shedi, ndipo kawiri pa chaka ndimaiviika m'thanki kuti ndione ngati zikugwirizana. Chachitatu n'chaching'ono: magetsi akazima kapena wina akakazula pa soketi kuti atchaje foni, kamatenga nthawi kuti kayambirenso kusonyeza. Ndinamata kapepala pa soketipo kuti ana asamazule. Batire la mbali ya kunja lija silinathebe mpaka lero.

Chinthu china chomwe sindinkayembekeza n'chakuti kopelo linayamba kundiuza za boyila yeniyeniyo. M'chisanu chachiwiri ndinaona kuti timizere tikuchoka msanga kuposa chaka chapita, pomwe kunja sikunazizire mopitirira. Ndinauza mwininyumba, anatumiza mmisiri wolembetsedwa ndi OFTEC, bungwe lovomereza amisiri a maboyila a mafuta, ndipo anasintha kamphuno kopopera mafuta n'kuchotsa mwaye womwe unali utadzaza m'kati. Masiku a kamzere anabwerera mwakale. Boyila imafunika kuonedwa chaka chilichonse, ndipo pafupi nayo pakhale alamu ya mpweya wa carbon monoxide, chifukwa mpweya umenewu ulibe fungo ndipo umapha monga mbaula yosiyidwa m'chipinda chotseka. Tinatsitsanso thermostat, kotchera kutentha kwa m'nyumba, kuchoka pa madigiri 21 kufika pa 19, n'kutchera kuti boyila iziyaka maola awiri m'mawa ndi anayi madzulo m'malo moyaka tsiku lonse, ndipo ndinaona ndi maso anga kamzere kakuwonjezera masiku awiri. Ana anayamba adandaula, kenako anazolowera majuzi. Koma ngati m'nyumba muli khanda kapena okalamba, musatsitse kupitirira 18. Ndimasamalira agogo tsiku ndi tsiku ndipo ndaona zomwe kuzizira kumachita pa chifuwa chawo.

Kwa amene thanki yanu ili patali ndi nyumba kapena kuseri kwa khoma lamiyala lochindikala, yambani mwayesa ngati mbali ziwirizi zikumvana musanataye bokosi lake ndi lisiti. Kwa ife mtunda ndi mamita ngati 15 ndipo sizinavutepo. Amene mumachokapo nthawi yaitali, monga kupita kumudzi mwezi wathunthu, mwina kolumikizana ndi foni kaja kangakuyenereni bwino, chifukwa kuba mafuta m'mathanki kumachitika kuno makamaka mitengo ikakwera, ndipo kathu aka kamangouza munthu amene waima kukhitchini. Mlongo wina wa kutchalitchi kwathu wangosamukira m'nyumba ya mafuta mwezi wathawu, ndipo Loweruka likubwerali tikupita ndi tepi kukamuyezera thanki yake.