Bitwarden: pulogalamu yaulere yosunga mapasiwedi, kodi ikumuyenera munthu wa ku Zomba?

Munthu wogwiritsa ntchito kompyuta mu Zomba muno ali ndi maakaunti ambiri kuposa mmene amaganizira. Wophunzira wa pa University of Malawi wokhala ku Chikanda ali ndi Gmail, Facebook, akaunti ya sukulu yoonera zotsatira za mayeso, ya ngongole ya maphunziro, ndi ya banki. Wabizinesi wa ku Chinamwali kapena pa Mpondabwino akuwonjezerapo Msonkho Online ya MRA. Mutu sungasunge mapasiwedi khumi osiyana, ndiye ambiri amangopeka imodzi, dzina la mwana ndi chaka chake chobadwa, n'kuiika paliponse. Akuba amachidziwa bwino chizolowezi chimenechi. Akathyola tsamba limodzi losatetezeka n'kutengamo maimelo ndi mapasiwedi, amakayesa zomwezo pa Gmail ndi pa Facebook pogwiritsa ntchito makina, ndipo Gmail ikatseguka zina zonse zapita, chifukwa uthenga wosinthira pasiwedi ya akaunti iliyonse umafikira komweko.

Bitwarden inapangidwira vuto limeneli. Inayambitsidwa ndi Kyle Spearrin mu 2016, ndipo ntchito yake ndi kupanga mapasiwedi olimba, kuwasunga mobisika, ndi kuwalemba yokha pamene mukulowa mu akaunti. Inu mumangoloweza pasiwedi imodzi yaikulu, imene iwo amaitcha master password. Kuweruza kwathu n'kwakuti kwa aliyense amene ali ndi foni ya Android kapena iPhone ndi maakaunti opitirira anayi, pulogalamuyi ndi yoyenera kukhala nayo. Koma ili ndi malo angapo amene munthu wosachenjezedwa angadzitsekere yekha kunja, ndipo malo amenewo ndi amene tikhalepo kwambiri.

Chabwino choyamba ndi mtengo. Mtundu waulere umasunga mapasiwedi opanda malire, pa zipangizo zopanda malire: foni, laputopu, kompyuta ya kunyumba, zonse zimaona zofanana. LastPass, imene imagwira ntchito yonga yomweyi, inachepetsa mtundu wake waulere mu 2021 kuti uzigwira pa mtundu umodzi wokha wa chipangizo, mafoni kapena makompyuta. Bitwarden ilinso ndi mtundu wolipira, koma malipiro ake ndi a madola kudzera pa khadi kapena PayPal, osati Airtel Money kapena Mpamba. Zimene umawonjezera, monga kusunga mafayilo ndi kusankha wachibale woti adzatsegule akaunti inu mukadwala kapena kumwalira, n'zabwino ndithu, koma munthu wamba akhoza kukhala popanda izo.

Poyamba, pitani pa bitwarden.com kapena tengani pulogalamuyi pa Play Store, osati kwa mnzanu kudzera pa flashi kapena pa Xender, chifukwa simungadziwe ngati siinasinthidwe m'njira. Polembetsa mudzaona kuti pali maseva awiri, bitwarden.com ndi bitwarden.eu. Sankhani imodzi ndipo muilembe penapake. Munthu amene analembetsa pa .eu akayesa kulowa pa .com amauzidwa kuti pasiwedi ndi yolakwika ngakhale waikhoza, ndipo amatha kuganiza kuti wabedwa pamene wangosokoneza khomo.

Tsopano pasiwedi yaikulu ija. Bitwarden imafuna zilembo zosachepera 12, koma musalekere pamenepo. Tengani mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana konse, mwachitsanzo chitsulo, buluzi, mlatho, sikelo, nthochi, muwalumikize ndi kamzere. Amenewa musawagwiritse ntchito poti alembedwa pano, pekani anu. Mwambi, vesi ya m'Baibulo, dzina la timu monga Bullets kapena Manoma, mudzi wakwanu, nambala ya foni, zonsezi ayi, chifukwa zimalotereka ndipo zambiri munaziika kale pa Facebook. Tsiku lobadwa ndiye loipitsitsa, poti lili pa chitupa cha unzika chimene mwachisiya kale m'mafotokope ambirimbiri. Chifukwa chimene tikulimbikira pa utali chinaoneka mu 2022, pamene akuba anakopera nkhokwe za makasitomala a LastPass. Nkhokwezo, zimene ndi mafayilo osungamo mapasiwedi a munthu aliyense, zinali zokhoma, ndipo chimene chinatsala pakati pa akuba ndi zinsinsi za munthu aliyense chinali kulimba kwa pasiwedi yake yaikulu basi. Yaifupi makina amaiphwanya poyesa mobwerezabwereza, yaitali imawatopetsa.

Zinsinsi zanu zimakhomedwa pa foni kapena pa kompyuta yanu yomweyo ndi njira yobisira zilembo yotchedwa AES-256 zisanatumizidwe ku seva, kotero ngakhale ogwira ntchito ku Bitwarden sangaziwerenge. Mmene pulogalamuyi inalembedwera zili poyera pa tsamba la GitHub, ndipo akatswiri akunja, monga kampani ya Cure53 mu 2018, anaifufuzapo. Koma walira mvula walira matope: poti eni ake alibe pasiwedi yanu, mukaiiwala sangakubwezereni. Palibe ofesi yopitako ndi chitupa, palibe nambala yoimba. Chimene chimatsala ndi kufufuta akaunti n'kuyambiranso wopanda kanthu. Choncho tsiku loyamba lomwelo tengani pepala, lembani imelo yanu, seva imene munasankha, ndi pasiwedi yaikulu, mulisunge m'nyumba pamodzi ndi masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo. Musalijambule ndi foni, musadzitumizire pa WhatsApp, musaliyendetse m'chikwama cha laputopu.

Pa pepala lomwelo lembaninso pasiwedi ya imelo yanu. Ichi ambiri sachiganizira. Kuyambira mu 2025, Bitwarden imatumiza nambala ku imelo munthu akamalowa pa chipangizo chatsopano, ngati sanayatse chitetezo chachiwiri, chimene chimafuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi. Tiyerekeze foni yabedwa pa depoti. Mwagula ina, mukufuna kulowa mu Bitwarden, iyo ikufuna nambala ya ku Gmail, koma pasiwedi ya Gmail ili mu Bitwarden momwemo. Popanda pepala lija simutulukamo. Mukayatsa chitetezo chachiwiri, chimene tikulimbikitsa, pogwiritsa ntchito Google Authenticator kapena Bitwarden Authenticator, mudzapatsidwa recovery code, nambala yapadera yolowera chitetezocho chikakutsekerani kunja. Imeneyonso ipite pa pepala, chifukwa ndiyo yokha ingakulowetseni foni ikatayika.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi yosavuta. Pa kompyuta mumaika extension yake, kapulogalamu kowonjezera, mu Chrome, Firefox kapena Edge, ndipo mukafika pa tsamba lolowera mumadina Ctrl, Shift ndi L pamodzi, dzina ndi pasiwedi zimadzilemba. Pa Android mumalowa mu Settings za pulogalamuyi n'kuyatsa Autofill, gawo lolemba lokha dzina ndi pasiwedi, kenako kutsegula ndi chala kapena PIN. Gawo lotchedwa Generator limapanga pasiwedi ya zilembo 14 pokhapokha mutasintha, ndipo limafika mpaka 128. Ikani 16 kapena 20, poti simudzailoweza inu. Musayese kusintha maakaunti onse tsiku limodzi. Yambani ndi imelo, kenako banki, Facebook, akaunti ya sukulu kapena ya kuntchito, zotsalazo muzisintha mukamazitsegula. Sungani pasiwedi yatsopano mu Bitwarden musanadine batani lotsimikiza pa tsambalo, chifukwa netiweki ikadula pakati mungatsale ndi pasiwedi imene simukuidziwa.

Chimene chimatisangalatsa kwambiri sichilengezedwa kawirikawiri. Bitwarden imayang'ana adiresi ya tsamba isanalembe kanthu. Mwalandira uthenga woti akaunti yanu ya Facebook itsekedwa mawa, kapena woti pali ntchito za ku NGO, kapena bandulo yaulere, mwadina, ndipo patseguka tsamba lofanana ndendende ndi lenileni. Maso anu anyengedwa, koma adiresi yake si facebook.com, ndiye pulogalamuyi siionetsa pasiwedi iliyonse. Kukana kumeneko kukhale chenjezo. Musakakamize pokopera pasiwedi n'kuimata ndi dzanja, tsekani tsambalo, lembani adiresi yeniyeni nokha.

Nanga magetsi akathima kapena bandulo ikatha? Mapasiwedi amene munasunga kale amawerengeka popanda intaneti, bola mukhale kuti munangokhoma ndi Lock. Mukadina Log out, zonse zimachoka pa chipangizocho ndipo kulowanso kumafuna intaneti. Kuwonjezera kapena kusintha pasiwedi nakonso kumafuna intaneti. Data imene imadya pa tsiku ndi yochepa kwambiri poti zimene imatumiza ndi zilembo chabe.

Zofooka zilipo. Pulogalamuyi ilibe Chichewa, ndipo mawu ngati vault, URI ndi autofill akhoza kumugwetsa ulesi kholo limene likungoyamba kumene. Ameneyo amafuna mwana kapena mdzukulu womukhalira pafupi tsiku loyamba, koma pasiwedi yaikulu alembe yekha. Foni ya mabatani siingathe, ndipo mafoni akale kwambiri a Android amakana mtundu watsopano. Mafoni ena amazimitsa mapulogalamu kumbuyo posunga batire, Autofill n'kusiya kuoneka. Pitani ku Settings za batire mukachotse Bitwarden pa zoletsedwa. Mapulogalamu ena a banki salola kudzazidwa, ndiye mumakopera ndi kumata. Mukatero, yatsani Clear clipboard ndipo muiike pa masekondi 30, kuti pasiwediyo isatsale pomwe aliyense wobwereka foni angaimate. Ngati mukusamutsa mapasiwedi kuchokera mu Chrome, fayilo ya CSV imene imatuluka ndi yosakhoma, aliyense angaiwerenge mu Excel. Mukamaliza ifufuteni, ndi mu Recycle Bin momwe.

Malo amene tikuchenjeza mwamphamvu ndi makompyuta a m'mashopu opulintira ndi makefe a intaneti, amene mu Zomba muno amadzaza nthawi yolemba ma assignment, yofunsira malo m'mayunivesite ndi yofunsira ntchito. Eni ake ambiri ndi anthu achilungamo, koma kompyuta imene yalowetsedwa maflashi a anthu ambirimbiri pa tsiku palibe angailumbirire. Ikhoza kukhala ndi kapulogalamu kojambula batani lililonse limene mwadina, ndipo Incognito, windo la Chrome losasunga mbiri ya masamba amene mwatsegula, silikaletsa. Pasiwedi yaikulu ya Bitwarden isalembedwe pa kompyuta yotere ngakhale kamodzi. Ngati ndi kupulinta chabe, tumizani fayilo ya PDF kuchokera pa foni yanu, musalowe mu akaunti iliyonse. Ngati simungachitire mwina koma kulowa mu Gmail, tsegulani Incognito ndi Ctrl, Shift ndi N, werengani pasiwedi ya Gmail yokhayo pa foni yanu, lembani, mukamaliza tulukani, ndipo mukafika kunyumba muisinthe. Kenako lowani pa myaccount.google.com, gawo la Security, muone zipangizo zimene zalowa, mutulutse chilichonse chachilendo. Chitupa cha unzika kapena satifiketi ikasikanidwa, imani pomwepo mpaka fayiloyo ifufutidwe pa Desktop, mu Downloads ndi mu Recycle Bin. Fotokope yolakwika musaisiye m'bini, itengeni. Kuyambira pamene kulembetsa simukhadi kunakhala kokakamiza mu 2018, chitupa chanu chili ndi mtengo kwa wakuba, chifukwa angayese kulembetsa nacho nambala yoberapo anthu m'dzina lanu.

Pali chinanso chimene pulogalamuyi singachite, ndipo ndi chimene chikulirisa anthu ambiri kuno kwathu. PIN ya Airtel Money pa *211# kapena ya Mpamba pa *444# mumailemba nokha. Wina akaimba kuti ndi wa ku kampani ya foni, kuti mwawina, kapena kuti watumiza ndalama molakwitsa mumubwezere, Bitwarden ilibe gawo pamenepo. Dulani foniyo, onani balansi nokha, ndipo ngati pali chokayikitsa pitani ku shopu ya kampaniyo m'tauni kapena ku polisi. Wogwira ntchito weniweni safunsa PIN. Chimodzimodzi nambala ya manambala 6 imene WhatsApp imatumiza pa SMS: wina akaipempha, ngakhale alembe ngati mnzanu wa m'gulu la kutchalitchi kapena la kumpingo wa amayi, akufuna kulanda akaunti yanu kuti azipempha ndalama kwa abale anu. Yatsani Two-step verification mu Settings, gawo la Account, ndipo PIN imeneyo ndiyo mungaisunge mu Bitwarden ngati Secure note. Kubera anthu pa intaneti ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, choncho sungani mauthenga ndi nambala ya wakubayo musanapite kukadandaula.

Ena adzafunsa chifukwa chosiyira Google Password Manager imene ili kale mu Chrome ndi mu Android. Imeneyo ndi yabwino kuposa pasiwedi imodzi paliponse, ndipo amene akuona Bitwarden kulemera ayambire pamenepo. Kusiyana kwake n'kwakuti zonse zimadalira akaunti ya Google, ndiye Gmail ikalandidwa mapasiwedi onse apita nayo limodzi. KeePassXC, pulogalamu ina yosunga mapasiwedi, ndi ya amene safuna kusunga kanthu pa intaneti, koma fayilo yake muyenera kuisunga nokha m'malo awiri, ndipo laputopu ikabedwa kapena kupsa ndi magetsi popanda kope lina, zathera pomwepo.

Bitwarden nayo imafuna kope. Miyezi itatu iliyonse gwiritsani ntchito Export vault, sankhani mtundu wokhoma wa JSON wotetezedwa ndi pasiwedi, muuike pa flashi yatsopano imene siipita ku shopu yopulintira. Pasiwedi ya fayiloyo ilembeni pa pepala lija, ndipo flashiyo isungidwe m'chipinda china, osati mu envulopu imodzi ndi pepalalo.