Monteverde kapena Sirena: kuti kumacha bwino?

Amene mukupita ku Costa Rica, dziko la ku Central America, n'cholinga choti nkhalango izikudzutsani, mudzamva mayina awiri: Monteverde, kumapiri, ndi Sirena, kampu ya alonda a nkhalango, m'kati mwa paki ya Corcovado kumwera kwa dzikolo. Konseku ndi nkhalango, koma m'bandakucha wake ndi wosiyana kutalitali. Chofanana n'chakuti dzuwa silizengereza. Limatuluka pakati pa 5:15 ndi 6 koloko chaka chonse, ndipo kukangoyamba kuyera, pakatha mphindi 20 zokha kwacheratu.

Monteverde ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,400. Popeza kutentha kumatsika ndi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, usiku mumafunda bulangete ndipo udzudzu suvutitsa kwenikweni. Tulo take ndi tokoma. M'mawa mumapeza chifunga chitakuta mitengo, nthambi zitalemedwa ndi ndere, madzi akungodontha ngakhale mvula isanagwe. Kuyambira Malichi mpaka Juni, mbalame ya quetzal, yobiriwira ndi chifuwa chofiira, imakhala ikuswa ndipo imaoneka mosavuta. Koma pali zokhumudwitsa ziwiri. Chipata cha nkhalango yotetezedwayo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, chimatsegulidwa 7 koloko, mbalame zitaimba kale nyimbo zake zabwino. Ndiye ngati malo anu ogona ali m'tauni yapafupi ya Santa Elena, chokudzutsani chingakhale njinga yamoto. Chachiwiri ndi mphepo ya Disembala mpaka Malichi, imene imawomba mwamphamvu moti makutu amangomva iyo basi.

Ku Sirena nkhani ndi ina. Mumagona m'kati mwenimweni mwa paki, pa mabedi osanjikiza okhala ndi maneti, pamalo ofoleredwa koma opanda zipupa zenizeni. Kumatentha, thukuta kamukamu, wina pafupi nanu akuliza mkonono. Malaya amene mwachapa madzulo mudzawapeza m'mawa ali chinyowere. Nsapato muzizikutumula musanavale, chifukwa zinkhanira zimakonda mobisala motero.

Koma dikirani kuti kuyambe kucha. Kukadali mdima, anyani otchedwa howler amayamba kubangula. Woyamba kuwamva amaganiza kuti kwabwera chilombo, pomwe ndi kanyani kolemera makilogalamu osafika 10. Kali ndi fupa lapakhosi lokhala ngati chigoba limene limakuza mawu, mwakuti amamveka patali makilomita angapo. Gulu lina likayamba, lina limayankha kutsidya, kenako zinkhwe zofiira zazikulu zimadutsa ziwiriziwiri zikusokosera. Mitundu yonse 4 ya anyani a m'dzikolo ili m'paki imeneyi, ndipo tapir, chinyama chonga nkhumba yaikulu ya mphuno yolendewera, nthawi zina amapezeka pafupi ndi gombe. Alendo obwera pa boti kuchokera ku gombe la Drake Bay, kumpoto kwa pakiyi, n'kubwerera tsiku lomwelo amafika zonsezi zitatha, ndipo ndimawamvera chisoni.

Kufikako ndiye ntchito. Mukapanda kukwera boti, muyenda pansi makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku kamudzi ka Carate, mbali ina mumchenga, mukuwerengera nthawi yoti nyanja iphwe kuti mudutse. Kuyambira 2014 simuloledwa kulowa popanda wokutsogolerani wovomerezeka, ndipo mabedi ndi ochepa, choncho malo amasungitsiratu kudakali nthawi. Ku Monteverde mumangokwera basi.

Ngati muli ndi ana aang'ono kapena thupi lanu silimvana ndi kutentha, pitani ku Monteverde, koma funani chipinda chogundizana ndi nkhalango ndipo mugone zenera lili pululu. Ine nditapatsidwa usiku umodzi wokha, ndingakagone ku Sirena, tulo n'kudzabwezera pa boti pobwerera.