GSAS-II pa mchenga wakuda wa ku Chipoka

Mchenga wakuda umene umaoneka m'mphepete mwa nyanja ku Chipoka uli ndi ilmenite wambiri, mwala wopangidwa ndi ayironi, titaniyamu ndi okosijeni. Nditalandira zotsatira za X-ray za mchengawu kuchokera ku labotale ina yakunja, ndinaziunika ndi GSAS-II, pulogalamu yaulere younikira mmene maatomu anayalidwira m'miyala poona mmene amamwazira cheza, imene Brian Toby ndi Robert Von Dreele anaifotokoza mu 2013 ali ku Argonne National Laboratory ku America. Kuikopera kumadya bandulo ndithu, koma ikakhazikika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti, zimene kuno ku Salima si nkhani yaing'ono.

Chimene ndaikondera kwambiri ndi mmene imawerengera mphamvu ya atomu iliyonse pomwaza cheza. X-ray imamwazidwa ndi ma elekitironi, choncho ayironi wokhala ndi 26 amaonekera kwambiri kuposa okosijeni wokhala ndi 8, ngakhale kuti mu ilmenite maatomu a okosijeni ndi atatu pa ayironi mmodzi aliyense. Komanso mphamvuyi imachepa pamene ngodya imene cheza chamwazikira ikukula, mosiyana ndi poyeza ndi ma neutron (tizigawo ta atomu topanda mphamvu ya magetsi) amene mphamvu ya atomu yowamwaza simasintha ndi ngodya, ndipo kwa iwo ya titaniyamu ili pansi pa ziro. Zonsezi GSAS-II imazitenga yokha m'matebulo ake, malinga munthu wauza bwino mtundu wa cheza ndi wa atomu. Imalolanso kusankha Fe+2 ndi Ti+4, kutanthauza ayironi wotaya ma elekitironi awiri ndi titaniyamu wotaya anayi, m'malo mwa atomu wamba, ndipo apa ma elekitironi amakhala 24 ndi 18. Kusiyanaku kumaoneka makamaka pa ngodya zing'onozing'ono.

Ubwino womwewu ndi umene ungapusitse munthu waphuma. Ine ndinayamba ndi fayilo ya makina yolembedwa wavelength (kutalika kwa funde la cheza) yolakwika, osati 1.5406 Å ya cheza chochokera ku kopa chimene a labotale anayezera, ndipo ndinataya masana onse ndikukankha manambala osagwirizana, mlandu uli wanga. Wavelength imeneyi ndi imenenso pulogalamuyi imagwiritsa ntchito powerengera f′ ndi f″, manambala okonzera mphamvu yomwaza ya atomu pamene ikumwako cheza, zimene pa ayironi woombedwa ndi cheza cha kopa sizinganyalanyazidwe, pakuti ayironiyo amamwa chezacho n'kutulutsa chake chimene chimakweza phokoso la pansi pa graph.

Mawindo ake ndi ambiri moti oyamba kumene amasochera, choncho ndi bwino kutsatira kaye maphunziro ake a pa intaneti asanakhudze zotsatira zawozawo.