Intaneti yawo ndi yachangu, koma rauta anaisiya ndi pasiwedi ya "admin"

Kampani imene inatiikira intaneti kunyumba kwathu ku Area 49 ndimaiyamikira pa zinthu ziwiri: netiweki siidukaduka, ndipo ukawaimbira foni amayankha mwaulemu. Ana amaonera maphunziro pa YouTube uku ine ndikutumizira makasitomala zithunzi za zovala zimene ndasoka pa WhatsApp, zonse zikuyenda. Magetsi akathima n'kuyakanso, rauta, kabokosi kamene kamagawa WiFi m'nyumba, imadzilumikiza yokha. Ndalama ya pamwezi imawawa ndithu, komabe n'kwabwinoko kusiyana ndi kugulira aliyense m'nyumba bandulo yake.

Pamene andikhumudwitsa ndi pa mapasiwedi. Mnyamata amene anabwera kudzaika rauta anagwira ntchito yaukhondo, mawaya anawakhomerera bwino kukhoma. Pomaliza anangondilozera kapepala komata kunsi kwa rauta, amvekere, "Mayi, pasiwedi ndi imeneyo," basi n'kukwera njinga yake. Sananene kuti pasiwedi ya WiFi, imene timapatsa alendo, ndi yosiyana ndi yolowera pa tsamba loyendetsera rautayo. Mwana wa achemwali anga, amene amaphunzira za makompyuta, ndi amene anandionetsa. Analemba 192.168.1.1 pa foni yake, pa dzina n'kulemba "admin", pa pasiwedi "admin", tsamba lonse n'kutseguka. Anati, "Anti, aliyense amene ali pa WiFi yanuyi angathe kuchita zomwezi."

Apa m'pamene mtima unandipweteka, chifukwa pa poloti pathu pali alendi, ndipo pasiwedi ya WiFi siichedwa kuyenda. Mafoni a masiku ano amagawana ndi QR code, munthu osafunsa n'komwe mwini wake. Wolowa pa tsamba lija angathe kusintha pasiwedi n'kukutsekera kunja, kuona mafoni onse amene alumikizidwa, ngakhale kusintha DNS, imene imalondolera foni ku tsamba limene walemba, kuti ukalemba adiresi ya banki yako ukafikire pa tsamba labodza lofanana nalo. Ine makasitomala amandilipira kudzera pa foni ndi ku banki, ndiye nkhaniyi sindingaitenge mwachibwana.

Vutoli makampani akulidziwa kalekale. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwira marauta ndi makamera masauzande ambirimbiri pongoyesa mayina ndi mapasiwedi ochokera ku fakitale pafupifupi 60, ndipo mu October chaka chomwecho anthu ambiri ku America analephera kutsegula Twitter ndi Netflix chifukwa cha iyo. Ku Britain, kuyambira mu April 2024, lamulo likuletsa kugulitsa zipangizo zotere zili ndi mapasiwedi osavuta kulota ngati "admin" kapena "12345". Kuno kwathu lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limati kulowa m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu, koma lamulo limagwira munthu zinthu zitaonongeka kale. Amene akanatseka mpatawu ndi woika rautayo, pa mphindi zochepa chabe, asanachoke pakhomo.

Nditaimba ku ofesi kwawo, mayi amene anayankha ananditsogolera modekha mpaka tinasintha pasiwedi ya admin, tinaika yatsopano yaitali ya WiFi pa chitetezo cha WPA2, n'kuzimitsa WPS, njira yolumikizira chipangizo pa WiFi osalemba pasiwedi, imene kufooka kwa PIN yake ya manambala 8 kunadziwika kale mu 2011. Pamenepa ndiwapatse ulemu wawo. Chimene sindikumvetsa n'chakuti thandizo limeneli amalisungira okhawo amene afunsa. Nanga agogo amene ana awo awaikira intaneti ku Kawale kapena ku Chilinde adziwa bwanji choti afunse?

Ngati mukufuna intaneti ya pakhomo, awa akhoza kukutumikirani bwino, koma woikayo musamulole kunyamuka musanasinthire limodzi mapasiwedi onse awiri. Mumufunsenso ngati rauta yanu imalumikizana ndi kampani pogwiritsa ntchito dzina ndi pasiwedi ya PPPoE, ndipo ngati ndi choncho akulembereni papepala muzisunge pobisika. Kabatani ka reset kumbuyo kuja mukakadina kwa kanthawi kamafufuta zonse, rauta n'kubwerera mmene inachokera ku fakitale. Popanda dzina ndi pasiwedi zimenezo intaneti siibwerera mpaka muwaimbire, ndipo ikabwerera muyenera kusinthanso "admin" uja.