Kashopu kotayipa makalata pa Chitakale ndi nkhani ya ulumali wanga

Pa Chitakale pali timashopu tingapo totayipa makalata, kupulinta ndi kupanga fotokope, ndipo mwezi watha ndinalowa m'kamodzi mwa timeneti kuti andikonzere CV ndi kalata yofunsira ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Ndimayenda ndi ndodo ziwiri chifukwa cha poliyo imene inandigwira ndili mwana, choncho funso limene ndinalowa nalo linali loti kodi ulumali wanga ndiutchule m'kalatamo kapena akauonere pa tsiku la intaviyu.

Pa ntchito yotayipa ndilibe dandaulo. Achimwene amene amagwira pa kompyuta anasanja bwino maphunziro anga kuyambira pa MSCE, anandiwerengera mzere uliwonse asanapulinte, ndipo mtengo wake sunasiyane ndi wa timashopu tinzake. Chimene chinandikhudza mtima ndi mmene anayankhira funso langa lija. Sanandimvere chisoni ndipo sanandigamulire chochita. Anati, "Achemwali, nkhani imeneyi mwini wake ndinu, koma tiyambe taona chimene mudzafune kwa iwo pa tsikulo." Titakambirana, tinapeza kuti ndodo zanga sizikhudza kulemba makilogalamu a tiyi pa sikelo kapena kuwerengera malipiro a otchola, koma zimakhudza kwambiri ngati intaviyu ikachitikira m'chipinda chofikako pokwera masitepe.

Motero mu CV sitinalembemo kanthu za thupi langa, ndipo kalata ya kuchipatala imene ndinanyamula inabwerera m'chikwama. Kumapeto kwa kalata yofunsira ntchito, titamaliza kufotokoza luso langa, tinaikapo chiganizo chimodzi chokha chonena kuti ndimayendera ndodo ndipo ndikupempha kuti akandiitana adzandionere m'chipinda chosavuta kulowamo. Kwa ine imeneyi ndiyo njira yaulemu, chifukwa ndinanena zoona popanda kusandutsa kalata yonse kukhala mbiri ya matenda.

Ndikudziwa kuti gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kuti lamulo la za ntchito la 2000 limaletsanso zomwezo polemba anthu ntchito, komanso kuti mu 2024 munabwera lamulo latsopano la anthu aulumali m'malo mwa lija la 2012. Komabe amene tinaponyapo makalata ambiri osayankhidwa tikudziwa kuti kalata ikaikidwa pambali palibe amene amakuuza chifukwa chake, ndipo nkovuta kukadandaula ku ofesi ya zantchito pa chinthu chimene sunachione ndi maso. Nchifukwa chake sindingadzudzule mnzanga amene wasankha kukhala chete mpaka ataitanidwa, makamaka ngati vuto lake ndi losaoneka, monga khunyu.

Pamenepa mpamene kashopuka kakuperewera, ndipo ndikunena izi mochokera pansi pa mtima. Kompyuta inayang'ana kukhomo, kotero aliyense wodikira fotokope amatha kuwerenga zimene zikulembedwa, ndipo kukambirana kwathu konse kunamveka kwa anthu amene anakhala pabenchi. Ine ndodo zanga zimaonekera kale, koma munthu amene akufuna kufunsa ngati atchule zoti amamwa ma ARV, kapena kuti anasiya ntchito yakale chifukwa chodwazika mwana, sangatsegule pakamwa pamalo otere. Ndinaonanso makalata a anthu ena, mayina awo ali poyera, atangosiyidwa pa kompyutapo. Nditapempha, achimwene aja anandiikira zanga pa flash nkuzifufuta ine ndikuona, koma zimenezi zinayenera kuchitika kwa kasitomala aliyense osadikira kupempha.

Pakhomo palinso masitepe atatu opanda pogwira. Ine ndinakwera movutikira, koma wa njinga ya olumala akanathandizidwira panja, padzuwa, pamaso pa anthu odutsa.

Ndidzapitakonso ndikafuna kalata ina, ndipo anzanga aulumali ndingawalimbikitse kupitako, koma apite m'mamawa benchi isanadzaze, atenge flash yawoyawo, ndipo aganizire ali kunyumba zimene akufuna kuti zilembedwe. Mwini kashopuka ndinamupempha kuti atembenuze tebulo la kompyuta liyang'ane kukhoma, ndipo anandilonjeza kuti achita zimenezi sabata ikubwerayi.