Zaka zitatu ndikuyendetsa Daihatsu Mira e:S

Mira yanga ndinaigula mu 2022, chaka chimene mizere ya mafuta inayamba kutivuta kwambiri ku Lilongwe kuno. Ndi yoyera, ya 2014, mtundu umene pamapepala amaulemba kuti LA300S. Inatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo anakaitenga ndi achimwene anga, amene anakwera nayo Chiweta n'kufika nayo pakhomo itachita mbuu ndi fumbi. Ndimakhala ku Area 49, ntchito ndimagwira ku Old Town, kwathu ndi ku Ntcheu. Anzanga akuntchito ndi akumpingo akhala akundifunsa ngati kagalimotoka n'koyenera kugula, ndiye ndati ndilembe zonse zimene ndaona pa zaka zitatuzi.

Funso loyamba la aliyense limakhala la mafuta. Injini yake ndi ya 658cc, ya masilinda atatu, ndipo thanki imalowa malita 30. Ku Japan, pamene ankaitulutsa koyamba mu 2011, ankaitamanda kuti imayenda makilomita 30 pa lita imodzi. Chiwerengero chimenecho chinachokera pa mayeso a kwawo, osati pamzere wa magalimoto a m'mawa wolowera m'tauni. Ine ndimayeza motere: ndimadzadza thanki, kauntala wa ulendo n'kumubweza pa ziro, ndipo ndikadzadzanso ndimagawa makilomita ndi malita amene alowa. M'tauni, AC ali woyatsa, ndimapeza makilomita 18 kapena 19 pa lita. Pamsewu wa M1, ndikamayenda pa 80, ndimapeza 22, nthawi zina 23. Ulendo wa ku Ntcheu, womwe ndi makilomita pafupifupi 160, ndimapita n'kubwerera thanki isanatsike kwambiri kupitirira theka. Masiku amene ankangomwetsa aliyense mafuta ochepa, malita khumi ankandikwanira sabata yonse ya ntchito, pamene anzanga a magalimoto akuluakulu ankabwerera pamzere lachitatu. Pa mafuta pokha, galimotoyi yandisunga, ndipo ndimaithokoza.

Koma muyenera kudziwa chimene mukugula. Mira ili m'gulu la timagalimoto timene ku Japan amatitcha kei. Lamulo lakwawo limati injini isapitirire 660cc, m'litali isapitirire mamita 3.4, m'lifupi mamita 1.48, ndipo anthu okwera akhale anayi basi. Inapangidwira misewu yosalala ya m'mizinda, yopanda maenje, ya mayi wopita kukagula ndiwo ndi kukatenga mwana kusukulu. Kulemera kwake ndi makilogalamu 730 okha. Kusamwa mafuta kumachokera pa kupepukako, ndipo zonse zimene singachite zimachokeranso pomwepo. Mukaona Toyota Pixis Epoch kapena Subaru Pleo Plus, ndi galimoto yomweyi, angosintha chizindikiro, choncho zida zake zimalowana.

M'tauni ndi yokoma kuyendetsa. Imakhota pamalo ochepa, imalowa poimika pamene ena alephera, ndipo m'kati ndi motakasuka kuposa mmene imaonekera panja. Alamu anga ndi aatali, koma amakhala kumbuyo mawondo osagunda mpando. Buti ndiye ndi yaing'ono: thumba limodzi la ufa la makilogalamu 25 ndi chikwama, yadzaza.

Pa M1 m'pamene ndinaphunzira kudekha. Ukakhala wekha imathamanga bwinobwino, koma mukakhala anayi ndi katundu, zitunda za ku Linthipe kukwera ku Dedza zimaiyesa. Injini imalira kwambiri, liwiro likukwera pang'onopang'ono. Kupitirira thiraki kumafuna msewu wautali woonekera bwino. Miyezi yoyambirira ndinayesa kupitirira lole ya simenti titangodutsa Chimbiya, ndili ndi anthu atatu ndipo AC ali woyatsa. Nditafika pakati pa loleyo ndinaona basi ikutulukira kutsogolo, ndipo phazi linali kale pansi, panalibenso mphamvu yowonjezera. Ndinaponda buleki n'kubwerera kumbuyo kwa lole. Palibe anayankhula mpaka pa Kalinyeke. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafuna kupitirira ndimazimitsa AC, giya n'kuyika pa S, ndipo ngati ndikukayika ngakhale pang'ono ndimakhala kumbuyo. Kufika mochedwa ndi mphindi khumi sikunandipwetekepo. Thiraki ikamadutsa mbali inayo mphepo yake imakankha galimoto, choncho chiwongolero ndimachigwira ndi manja awiri. Potsika mtsetse wautali ndimayika pa B kuti injini ithandize kugwira, mabuleki asatenthe.

Za anthu anayi zija sizongolemba pamapepala. Malamba alipo anayi. Tsiku lina tikupita kumaliro kumudzi, azakhali anga anati, "Mwanangu, tipanikizana kumbuyoku, mwana akhala pamwendo." Ndinawayankha kuti, "Pepani azakhali, ndikulipirirani minibasi, koma munthu wopanda lamba sinditenga." Anakhumudwa ndithu, ndipo zinandiwawa, chifukwa kwathu kukana munthu pamaliro n'chinthu chachikulu. Koma galimoto yopepuka chonchi ikawombana ndi yaikulu, amene ali m'kati alibe chitsulo chambiri chowateteza. Yanga ili ndi ma-airbag awiri kutsogolo ndi ABS, koma zonsezo zimathandiza munthu womanga lamba. Mwana wanga wa zaka zinayi amakhala kumbuyo pampando wake wa ana, ngakhale ulendo utakhala wongopita kukagula buledi.

Katundu nayenso ndimamukana. Pa Lizulu mtima umakhala ukufuna kugula zonse, kachewere, kabichi, anyezi, tomato. Ulendo wina ndinakweza matumba awiri a kachewere kumbuyo pamodzi ndi anthu awiri, galimoto inakhala pansi, ndipo pa hampu iliyonse ndinkamva chitsulo chikukhula. Galimotoyi ili pafupi ndi nthaka ngakhale ili yopanda kanthu. Mahampu aatali ndimawakwera chopingasa, tayala limodzi kenako linzake. Msewu wakumudzi kwathu ndi wadothi, makilomita angapo kuchoka pa phula. M'chilimwe ndimafika mpaka pakhomo pa amayi ndikuyenda ngati wanyamula mazira. M'dzinja sindiyesa n'komwe: ndimaisiya kwa msuweni wanga pa trading centre n'kukwera kabaza. Madzi osefukira pamsewu sindiwoloka nayo, chifukwa injini ikamwa madzi ndiye kuti yatha.

Chimene ndikanakonda munthu atandiuza tsiku loyamba ndi nkhani ya matayala. Mira e:S sibwera ndi sipeya. Pansi pa buti mumapeza kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu kamagetsi. Zimenezo zimathandiza ngati walasidwa ndi msomali, koma tayala likang'ambika m'mbali sizingachite kanthu. Ine ndinazidziwira pafupi ndi Kamphata, dzuwa litalowa kumene, nditagwera m'dzenje limene linabisika ndi madzi amvula. Tayala lakutsogolo linang'ambika, rimu n'kupindika. Ndinakhala m'mbali mwa msewu maola awiri ndi mwana, nyali za ngozi zikuphethira, mpaka achimwene anafika ndi tayala lobwereka. Sabata yomweyo ndinagula rimu ya mabowo anayi, tayala, jeke ndi sipanala yomasulira, ndipo ngakhale sipeyayo imadya theka la buti, sindichoka pakhomo popanda iyo. Matayala ake ndi 155/65R14, ang'onoang'ono, ndiye dzenje limene Hilux singalimve, Mira imalimva mpaka m'mano.

Palinso china. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi matayala a m'nyengo ya chipale, olembedwa kuti studless. Amaoneka atsopano, mizere yake yakuya bwino, koma mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la mu Okutobala amatha msanga komanso sagwira bwino pamsewu wonyowa. Yanga inabwera ndi amenewo ndipo ndinawachotsa onse. Pogula ena, yang'anani manambala anayi a m'mbali mwa tayala: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Mpweya wake tsatirani kapepala kamene kali pamphuthu ya chitseko cha dalaivala. Pa yanga palembedwa 260 kPa, pamene anyamata opopa amangothira muyezo umodzi galimoto iliyonse ngati simuwauza.

Tsopano za kugalaja, kumene timagalimoto iti timafera. Giyabokosi ya Mira ndi CVT. M'kati mwake mulibe magiya osinthasintha ngati otomatiki yakale, muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka. Oyilo wake ndi wapadera, wa CVT. Nditapita koyamba pagalaja ina kuti andisinthire, mnyamata anatulutsa chigubu cha oyilo wofiira wa otomatiki wamba. Nditafunsa anati, "Madamu, otomatiki ndi otomatiki basi, timathira yemweyu." Mwamwayi achimwene anali atanditsina khutu kale. Ndinalipira ya kuyang'ana kokha n'kuchoka. Mayi wina wapafupi ndi kwathu anamuthirira wolakwikayo, ndipo patangopita miyezi ingapo galimoto inayamba kunjenjemera ponyamuka mpaka anagula giyabokosi ina. Pano ndili ndi makaniko wachikulire amene amandionetsa chigubu asanatsegule, ndipo akamagwira ntchito ndimakhala pomwepo. CVT sifunanso kukoka galimoto inzake kapena kupalasa m'matope kwa nthawi yaitali.

Injini imalowa oyilo wosakwana malita atatu. Poti ndi wochepa chonchi, amatopa msanga, ndiye ndimasintha pamodzi ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 aliwonse osaphonya. Buku lake limatchula oyilo wopepuka, 0W-20. Ine ndimathira 5W-30, ndipo wokhuthala uja wa 20W-50 amene amathira m'magalimoto akale ndimamukana. Injiniyi imayendera tcheni, osati lamba wa taimingi, choncho palibe zosintha lamba pa makilomita 100,000, koma tcheniyo imadalira oyilo woyera. Fyuluta ya mpweya imadzaza fumbi kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ndipo ikatsekeka mafuta amayamba kutha msanga. Pa zaka zitatu ndasintha mapulagi kamodzi, koyilo imodzi, mapadi a buleki akutsogolo kamodzi, ndi mabushi. Zonsezi ndinazipeza mu Lilongwe momwemuno tsiku lomwelo, chifukwa Mira zachuluka. Injini yokha sinatsegulidwepo.

Pa dashibodi palibe singano yosonyeza kutentha kwa injini. Pali kanyali kamene kamayaka m'mawa injini ikadazizira, n'kuzima ikafunda, ndipo kakayaka kofiira ndiye kuti yatentha, imani pomwepo. Chifukwa cha ichi, Loweruka lililonse m'mawa ndimatsegula boneti kuyang'ana kulanti ndi oyilo injini isanalizidwe. Madzi a pampopi mu ladiyeta sindithira.

Chimene chimadabwitsa okwera koyamba ndi eco IDLE. Ukaima pa maloboti injini imazima yokha, ukachotsa phazi pa buleki imalira. Amayi anga tsiku loyamba anafunsa kuti, "Kodi yafa?" Zimenezi zimafuna batire yapadera, yolembedwa M-42. Yoyamba itatha ndinagula yamtundu womwewo ngakhale inali yokwera mtengo, chifukwa ukayika wamba imatha msanga, kanyali ka eco IDLE n'kuyamba kuphethira. Pamzere wautali woyenda pang'onopang'ono ndimadina batani lozimitsira, chifukwa injini ikazima AC amasiya kuziziritsa, ndipo batanilo uyenera kulidinanso nthawi iliyonse ukaliza galimoto. Wailesi yake imathera pa 90 FM monga zinalili kale ku Japan, ndiye mawailesi athu ambiri sagwira mpaka mutayikitsa kachipangizo kowonjezera. Buku lake ndi la Chijapanizi lokhalokha. Ndimalijambula ndi foni kuti indimasulire.

Usiku pa M1 ndinasiya kuyenda. Galimotoyi ndi yaifupi, nyali za mathiraki zimalowa m'maso mwenimweni, ndipo m'mbali mwa msewu muli anthu oyenda pansi, njinga zopanda nyali ndi ngolo. Ndikakhala ku Ntcheu ndimanyamuka isanakwane 3 koloko masana kuti mdima undipeze ndili pakhomo.

Mnzanga wina wophunzitsa ku Kawale, amene ulendo wake ndi wakunyumba, kusukulu ndi kutchalitchi, ndinamuuza kuti agule, ndipo anagula. Msuweni wanga wogula soya ndi mtedza m'midzi ya ku Mchinji ndinamuletsa, chifukwa akanaipha m'nyengo imodzi. Amene akufuna kupangira taxi yonyamula anthu asanu ndi mmodzi ndimamuletsanso, ndipo chifukwa changa ndi anthuwo, osati galimoto. Ngati mukugula yoyenda kale kuno, iyendetseni kaye injini itafunda, mumve ngati ikunjenjemera ponyamuka, suzumirani pansi ngati sampu inagundidwapo, ndipo funsani mwini wake dzina la oyilo amene anathira mu giyabokosi. Akayamba kukanda m'mutu, musiyeni.

Yanga pano yadutsa makilomita 120,000. Mashoko akumbuyo ayamba kugogoda pamahampu, ndipo makaniko wanga wati tisinthe onse awiri mvula isanayambe, pamodzi ndi mawaipa, kenako ndipite nayo ku COF mu Disembala.